Mabwana asintha khungu, koma dandaulo la mayi wothyola tiyi limathera kuti?

Asisi, amene munayendapo pa msewu wa ku Muloza mukudziwa. Minibasi ikangopitirira Luchenza, aliyense amatulutsa foni. Phiri la Mulanje uko, minda ya tiyi yobiriwira ngati kapeti, basi zithunzi zija zathera pa status. Sitikukana, malowo ndi okongola zedi. Koma mukayang'anitsitsa zithunzizo, kumbuyo kwenikweni kuli timadontho ta anthu obereka madengu kumsana. Lero tikufuna tikambe za amene amalamulira anthu amenewo: wolemba mayina, woyeza masamba pa sikelo, ndiponso amene mayi amakamuuza akalakwiridwa.

Chatiyambitsa ndi mawu a Chizungu aja akuti diversity, amene masiku ano sasowa pa msonkhano uliwonse wa m'mahotela. Akuti kampani imayenda bwino ngati mabwana ake ndi osakanikirana, wina Mlomwe, wina Mtumbuka, wina Myao, wina wochokera kunja. Ife tikuti zoona, koma osati zokhazo ayi. Ku Mulanje kuli umboni wa zaka zoposa 130 wosonyeza kuti ukhoza kusakaniza mitundu ya mabwana mmene ungathere, zinthu n'kukhalabe zowola pansi, ngati mabwana onsewo ali amuna ndipo ngati mphamvu yeniyeni ili m'thumba la munthu mmodzi amene palibe womufunsa.

Tiyambe ndi kumene zinachokera. Tiyi wa malonda anayamba kudzalidwa ku Mulanje cha m'ma 1891, pamene mzungu wina dzina lake Henry Brown anayesa mbewuyi mphepete mwa phiri. Maesiteti atakula anafuna manja ambiri, ndipo manjawo anachokera kwambiri ku Mozambique. Alomwe ankawoloka malire kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno eni maesiteti ankawapatsa pokhala, malipiro a malowo n'kukhala thangata. Ankawatchula dzina lonyoza lija loti Anguru, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene a Lewis Bandawe ndi anzawo analimbana kuti boma lisiye kuligwiritsa ntchito. Thangatayo anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Ndiye taonani makwerero a nthawi imeneyo. Pamwamba mzungu. Pansi pake kalaliki wophunzira ku mishoni, wodziwa kulemba ndi kuwerengera. Pansi pa kalaliki kapitawo, mawu amene tinabwereka kwa Apwitikizi omwewo. Pansi penipeni, wobwera wopanda malo ake. Kunena zoona esiteti ya atsamunda inali yosakanikirana mitundu kwabasi, kungoti mtundu uliwonse unali ndi sitepe yake, ndipo kukwera kunalibe. Mkwiyo umene unaphulika mu 1915 ndi John Chilembwe, pamene manijala wa ku Magomero William Jervis Livingstone anaphedwa, unali wa anthu otopa ndi makwerero amtundu umenewu, ndipo ambiri mwa omutsatira anali Alomwe a m'maesiteti.

Ufulu utabwera, pang'onopang'ono nkhope za m'maofesi zinasintha. Lero ukapita ku maesiteti upeza mamanijala Amalawi anzathu, ena a ku Bunda, ena a ku Poly, ochokera zigawo zonse zitatu, komanso ena ochokera maiko akunja. Pa pepala, diversity ija ilipo. Koma kapitawo sanasinthe kwenikweni. Tiyi amaphukira kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ndiye anthu ambiri amalembedwa ntchito ya nyengo chabe. Kontirakiti ikatha, kuti ulembedwenso zimadalira amene akukudziwa kumunda. Gawo la munda limene ukathyole, kaya ndi la masamba ambiri kapena lokalamba, ndi iyeyo amagawa. Ukachedwa chifukwa mwana wadwala, wolemba kuti unabwera kapena unajomba ndi yemweyo. Munthu wa malipiro ochepa, koma wagwira chakudya cha banja lako lonse m'manja.

Onjezanipo izi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi. Kwa Alomwe, Amang'anja ndi Ayao mwambo ndi wa chikamwini: banja likatha mwamuna amanyamula chikwama chake n'kumapita, ana amatsala ndi mayi. Kamunda ka kuchikazi kagawidwa kale kangapo. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 anakokololanso zimene zinatsala m'midzi yambiri. Mayi wotereyu akauzidwa kuti dzina lako chaka chino lilowa pokhapokha tikumane madzulo, eti mukuganiza kuti ali ndi mayankho angati?

Izi sitikupeka. Azimayi 36 amene ankagwira ntchito m'maesiteti a Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo anasumira kampani ya ku Britain ya Camellia, imene ndi mwini wa Eastern Produce, ku bwalo la milandu ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Ananena kuti anachitidwa nkhanza zogonana, ena kugwiriridwa kumene, ndi amuna amene ankawayang'anira pa ntchito. Mu Febuluwale 2021 nkhaniyo inatha pa mgwirizano wa mapaundi 2.3 miliyoni, kampaniyo osavomera kuti ili ndi mlandu. Azimayi ena 31 a ku Lujeri Tea Estates, komweko ku Mulanje, anasumiranso PGI Group ku London pa nkhani zofanana, ndipo kampaniyo inakana mlanduwo. Ndipo si Malawi yekha: mu Febuluwale 2023 BBC inaulutsa kafukufuku wa m'minda ya tiyi ku Kenya momwe azimayi oposa 70 anafotokoza zimene mabwana awo ankawachita.

Taimani pamenepa kaye. Kuchoka m'munda kupita ku ofesi ya manijala ndi ulendo wa pansi, mwina theka la ola. Kuchoka ku Mulanje kupita ku London ndi ndege ziwiri. Koma azimayiwa anaona kuti njira ya ku London ndi imene ili yotseguka. Kwa ife, chimenechi ndiye sikelo yoyezera ngati kampani ikuyendetsedwa bwino. Mabwana amakonda kuyeza makilogalamu a masamba ndi mtengo wa tiyi ku okushoni ya ku Limbe. Ayeze ndithu. Koma utsogoleri umene sumva zochitika m'munda mwake mpaka kalata ya loya itafika, ndi utsogoleri wogontha, ndipo kugonthako kuli ndi mtengo wake mu mapaundi, osawerengera ogula akunja amene amayamba kufunsa mafunso.

N'chifukwa chiyani nkhani sizikwera? Aliyense amene anagwirapo ntchito, kaya ku banki ku Blantyre kaya ku bungwe ku Area 47, akudziwa yankho. Dandaulo limadutsa m'manja mwa anthu. Ngati kapitawo ndi mlamu wake wa kalaliki, kalaliki amapemphera mpingo umodzi ndi wa ku ofesi yolemba ntchito, ndipo onsewo Loweruka amakumana pa bawo kapena pa botolo ku Chitakale, dandaulo lako limafera m'njira. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Apa ndi pamene kusakaniza mitundu kumathandizadi. Bwana wochokera ku Rumphi alibe ngongole ya chibale ndi kapitawo wa ku Limbuli, ndiye akhoza kufunsa funso limene wa kwawo angachite nalo manyazi. Nayenso bwana wobadwira komweko amadziwa zimene mlendo sangazione: kuti mayi akati kapitawo akundivuta sakutanthauza nkhani ya sikelo, kuti mwakuti ndi mwana wa amfumu ndiye anthu akuopa, kuti maliro a kuchikazi sungawajombe. Awiriwa akakhala pa tebulo limodzi n'kumamverana, wina amaona pamene mnzake sakuona.

Koma pali ubale wina umene sudziwa mtundu. Mlomwe, Mtumbuka, Mchewa ndi mzungu akhoza kusiyana pa chilankhulo, pa ndale, ngakhale pa ndiwo, koma n'kugwirizana msangamsanga kuti aaa, akazi amenewa amangofuna ndalama, kapena kuti anagwirizana okha awa. Timazimva m'maminibasi, timazimva m'maofesi. Tebulo la amuna okhaokha la mitundu isanu likadali tebulo la amuna okhaokha.

Tsono tisanamizane kuti kusakaniza anthu ndi mankhwala ochiza zonse. Mwina munaonapo manambala a kampani ya McKinsey, amene mu 2020 inati makampani a mabwana a mitundu yosiyanasiyana amakhala ndi mwayi woposa ndi 36 pa 100 wopeza phindu lalikulu. Manambalawa amayenda kwambiri m'ma PowerPoint. Koma mu 2024 akatswiri awiri, Jeremiah Green ndi John Hand, atayesa kubwereza kafukufukuyo ndi makampani akuluakulu a ku America sanapeze zotsatira zomwezo. Ndiye tisamamangire nkhondo yathu pa nambala imene mawa wina adzaigwetsa. Ufulu wa mayi woti asagwiridwe thupi pa ntchito sudikira kuti phindu likwere kaye.

Kafukufuku amene ife watigwira mtima ndi wa pafupi ndi kwathu. Jonas Hjort anafufuza famu ina ya maluwa ku Kenya, zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Ogwira ntchito ankakhala atatuatatu: mmodzi wopereka maluwa, awiri omanga mitolo. Anapeza kuti woperekayo ankakondera wa mtundu wake, n'kumamana wa mtundu wina, moti magulu osakanikirana ankatulutsa zochepa. Zipolowe za chisankho cha 2007 zitabuka pakati pa mitundu, kukonderako kunakula. Kenako kampaniyo inasintha kalipiridwe, omanga awiri aja n'kumalipidwa molingana ndi zimene apanga pamodzi, ndipo m'magulu momwe awiriwo anali a mitundu yosiyana ntchito inakwera. Mitima ya anthu sinasinthe tsiku limodzi ayi. Chimene chinasintha ndi chakuti kukondera kunasiya kupindulitsa wokonderedwayo. Kwa ife phunziro lake n'lakuti kuika anthu osiyana pamodzi n'kuwasiya kumangobweretsa magulumagulu. Malamulo a pa ntchito ndi amene amachititsa kuti kusiyanako kukhale kothandiza kapena kowononga.

Kunonso nkhani ya mtundu timaidziwa bwino, ndipo Mulanje ali pakati pake. Ku Chonde ndi kumene kuli likulu la Mulhako wa Alhomwe, limene linakhazikitsidwa nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo anthu amene agogo awo ankatchedwa dzina lonyoza lija ali ndi chifukwa chomveka chonyadira mtundu wawo. Koma boma lililonse limene lalamulira dziko lino lakhala likunenedwa kuti likudyetsa a kwawo, dzina la mtundu lokha ndi limene limasintha. Mkangano umenewo ukamachitika, tamvetserani bwino amene akukangana. Nthawi zambiri ndi amuna akulimbirana mipando, ndipo mkazi wa mtundu umene akuti ukudya uja akadali ndi dengu kumsana. Mu Okutobala 2020 azimayi anachita zionetsero m'mizinda yathu chifukwa mabodi a makampani a boma amene anali atangosankhidwa anali odzaza amuna, pamene lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu m'ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 ndipo asapitirire 60 pa 100. Ngati boma lenilenilo linachita kukumbutsidwa pa msewu, kuli bwanji esiteti imene gawo limeneli la lamulo silikuikhudza n'komwe?

Lamulo lomwelo limaletsa nkhanza zogonana pa ntchito paliponse, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo limapatsa boma udindo woonetsetsa kuti olemba ntchito ali ndi ndondomeko yothana ndi nkhanzazi. Makampani a tiyi nawo sanangokhala. Mu 2015 kunayamba pulogalamu ya Malawi Tea 2020, mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko yake ya jenda ndi nkhanza. Izi n'zabwino, tisazinyoze. Koma ndondomeko ndi pepala. Pepala likakhala m'kabati ya munthu amene mnzake wa pa bawo ndiye akudandauliridwa, limakhala chete ngati kabatiyo.

Chosangalatsa n'chakuti mgwirizano wa Eastern Produce uja sunathere pa ndalama zokha. Munalinso zoti pakhale azimayi oyang'anira chitetezo cha akazi anzawo m'maesiteti, maphunziro a utsogoleri kuti akazi akwere maudindo, ndi njira yatsopano yoperekera madandaulo yowunikidwa ndi anthu akunja kwa kampani. Mwanjira ina, atakhala pansi kufunafuna mankhwala, anafika pomwe ife tikunena: sinthani amene ali ndi mphamvu, ndipo tsegulani khomo lina losadutsira kwa kapitawo. Zomvetsa chisoni n'zakuti panafunika azimayi 36 kufotokozera alendo zinthu zimene ambiri aife sitingauze ngakhale mayi athu otibereka.

Ena anena kuti mkazi sangathe kulamulira amuna kumunda, samumvera. Nyimbo imeneyi inaimbidwanso ku Bangladesh, m'mafakitale osoka zovala momwe osoka ambiri ndi akazi koma oyang'anira pafupifupi onse anali amuna. Akatswiri ena, mwa iwo Rocco Macchiavello ndi Christopher Woodruff, anayesa kuphunzitsa akazi ndi amuna n'kuwaika pa uyang'aniro. Poyamba akazi aja zinkawavuta, makamaka chifukwa anthu owayang'anirawo anali atatsimikiza kale kuti mkazi sadziwa za makina. Patapita miyezi yochepa anafanana ndi amuna aja. Ndiye bwana amene amayesa mkazi mmodzi kwa masabata atatu n'kunena kuti taonani zakanika, wayesa tsankho la antchito ake, sanayese mkaziyo.

Tivomerezenso china, chifukwa enanu mwayamba kale kutilembera mumtima. Inde, bwana wamkazi akhoza kukhala wankhanza. Ambiri tinakumanapo ndi madamu amene anakwera n'kukoka makwerero. Mkazi akhozanso kukondera a kwawo, akhoza kubisa mlandu wa mchimwene wake. Sitikunena kuti akazi ndi angelo. Tikunena kuti mkazi mmodzi pakati pa amuna khumi amaphunzira msanga kuseka nthabwala zawo kuti apulumuke, pamene akazi anayi pa tebulo lomwelo amasintha nthabwala zimene zinganenedwe. Ndipo mkazi amene wapatsidwa dzina la udindo koma alibe mphamvu yolemba munthu ntchito, yoimitsa kapitawo kapena yosainira ndalama, ameneyo aikidwa kuti aoneke pa chithunzi cha lipoti la pachaka. Makomiti a azimayi ndi abwino, koma komiti imene imangolandira madandaulo n'kukawapereka kwa amuna omwe aja yangowonjezera sitepe pa makwerero.

Nanga inu muli ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, zikukukhudzani bwanji? Kapitawo sakhala kumunda kokha. Amene ali pa internship akudikira kuti amulembe, amene ali pa kontirakiti ya miyezi itatu ku shopu, wophunzira amene magiredi ake ali m'manja mwa lekichara mmodzi, onsewa akudziwa kuti kukhala ndi tsogolo lako m'thumba la mwamuna mmodzi kumamveka bwanji. Ku Mulanje kungoti zinafika poonekera. Komanso ena mwa inu mukumaliza digiri ya zaulimi, ya akawunti, ya zoyang'anira antchito. Ntchito za m'maesiteti zikalengezedwa ambiri timazilambalala, ati kumudzi, kulibe netiweki, kuli matope. Makampani a tiyi ndi amodzi mwa olemba anthu ambiri kunja kwa boma, anthu pafupifupi 50,000 nthawi ya masamba ambiri. Mipando ya umanijala kumeneko ikamatengedwa ndi amuna okhaokha, mbali ina n'chifukwa choti sanatiitane, mbali ina sitinagogode. Ofesi yofufuza za tiyi ya Tea Research Foundation ili pa Mimosa pomwepo, nayonso imafuna asayansi.

Kwa a Tea Association of Malawi ndi makampani ake, pempho lathu si lovuta. Makilogalamu a tiyi mumawadziwa mpaka kadontho komaliza. Tiuzeninso poyera, esiteti iliyonse payokha, kuti akapitawo aakazi ndi angati mwa angati, mamanijala aakazi ndi angati, ndipo mwa iwowo ndi angati amene anakulira m'midzi yozungulira minda yanu, chifukwa mwana wa mayi wothyola tiyi amene anafika ku koleji ali ndi zonse ziwiri, maphunziro ndi khutu lomva chinenero cha kumunda. Tiuzeni madandaulo angati analowa chaka chatha ndipo angati anathera pa kuchotsa munthu ntchito. Esiteti imene inganene kuti sinalandire dandaulo ngakhale limodzi isayembekezere kuti tiiombera m'manja, tidzafunsa kuti azimayi akuopa chiyani. Ndipo kulemba anthu a nyengo kuchoke m'manja mwa munthu mmodzi. Pakhale kaundula woti amene anagwira bwino chaka chatha ali ndi malo ake chaka chino popanda kupempha aliyense, ndipo polemba mayinawo pakhale anthu osachepera awiri osachokera mudzi umodzi, mmodzi wa iwo mkazi. Unduna wa zantchito ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission ali ndi mphamvu zofunsa manambala amenewa ngati makampani akuzengereza. A PAWU nawo adziyang'ane okha kuti pa tebulo lawo lokambirana malipiro pamakhala akazi angati.

Amene kwanu ndi ku Mulanje, mukapita kukaona anthu pa Khirisimasi mudzapeza masamba ataphukira ndipo mayina akulembedwa. Mukhale pansi ndi azakhali anu kapena achemwali anu amene amathyola, osati pagulu, muwafunse kuti chaka chino dzina lawo analilemba ndani.